Lipoti la nkhani: kuunika nyumba yaing'ono yosungira okalamba m'malo mwa banja la mayi wa zaka 79

Nkhaniyi ndailemba ndi chilolezo cha banja, ndipo maina onse ndachotsa, la nyumbayo lomwe. Ndine nesi woyendera odwala m'makomo m'chigawo cha East Midlands ku England. Kunyumbayi sindinapite m'dzina la abwana anga. Ndinapita chifukwa mwana wamkazi wa mayiwa timapemphera mpingo umodzi, ndipo tsiku lina titatuluka m'tchalitchi anandikokera pambali n'kunena kuti, "Asisi, ndapeza malo a Amayi, koma mtima wanga sukukhazikika. Mukandionereko ndi maso a ntchito."

Mayiwo ndi zimene zinachitika

Ndi mayi wa ku Ntcheu amene anaphunzitsa sukulu ya pulayimale ku Blantyre zaka zambiri. Anabwera kuno mu 2002 ndipo anagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti a usiku, mpaka msana unawakana. Ali ndi unzika wa kuno. Amadwala shuga wa mtundu wachiwiri ndipo panthawiyo ankabayidwa insulini kawiri patsiku. Zaka ziwiri m'mbuyomo anachita sitiroko yaing'ono, kenako adokotala anapeza matenda oiwala obwera chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi mu ubongo. Ankayenda ndi chogwirira cha miyendo inayi. Pa miyezi itatu anagwa kawiri. Chimene chinathetsa banja nzeru ndi cha usiku wina mu Januwale: anawapeza panja cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, atangovala chitenje ndi malaya opyapyala, akuti akudikira minibasi ya ku Limbe.

Chizungu chawo chinali chikuthothoka. M'mawa ankachezabe bwino ndi zidzukulu, koma dzuwa likapendeka ankabwerera ku Chichewa chokhachokha. Izi timaziona kawirikawiri mwa anthu oiwala: chinenero chophunzira pambuyo ndicho chimayamba kuchoka.

Kumudzi nkhaniyi sinalandiridwe bwino. Mchimwene wake wa mwanayu, amene ali ku Lilongwe, anatumiza uthenga pa WhatsApp wofunsa kuti, "Achemwali, Amayi anatilera n'kutiphunzitsa, lero mukawataye kwa anthu achilendo? Atumizeni kuno." Maganizo amenewa sitinawanyoze, tinawayeza. Insulini imafuna filiji yosazima, mayiwa ankafuna munthu wogalamuka usiku wonse, ndipo penshoni ya boma la Britain munthu akasamukira ku Malawi amalandirabe koma siikwezedwanso chaka ndi chaka. Komanso zidzukulu zimene amazizindikira nkhope zili kuno. Banja linagwirizana kuti akhale.

Nyumba imene mwana anasankha

Ndi nyumba yakale yogonamo banja imene anaisandutsa malo osungira okalamba, ya mabedi 14 ndi nsanjika zitatu, ulendo wa mphindi khumi pagalimoto kuchokera kwawo. Pakhomo panali chikwangwani cha bungwe la Care Quality Commission (CQC), lomwe limayendera malo otere ku England, chosonyeza kuti inapatsidwa Good. Magiredi a bungweli ndi anayi, Outstanding pamwamba, kenako Good, Requires improvement ndi Inadequate. Mkati munkanunkhira anyezi wokazinga, osati mankhwala okolopera. Ndipo panali wosamalira wina wochokera ku Zimbabwe, amene agogo ake anapita kumeneko kuchokera ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu. Atawaona mayiwa anagwada n'kunena kuti, "Muli bwanji agogo?" Mwana wawo analira pomwepo, ndipo kunena zoona, chisankho anachipanga pa mphindi imeneyo.

Ine sindinamutsutse, chifukwa moni umenewo ndi chinthu chachikulu. Koma ndinamuuza kuti funso langa silikhala lakuti nyumbayi ndi yabwino kapena ayi. Funso langa likhala lakuti: ikakwana 3 koloko usiku, shuga wa Amayi watsika, akulankhula Chichewa ndipo akufuna kutsika masitepe, ali pafupi ndani ndipo achita chiyani?

Mapepala

Ndisanapiteko ndinawerenga lipoti lonse la CQC pa intaneti, osati giredi yokha. Linali la zaka zoposa zinayi zapitazo, ndipo dzina la manijala wolembetsedwa linali litasintha kuchokera nthawi imeneyo. M'nyumba ya anthu 14 manijala ndiye mzati wapakati. Akachoka, lipoti lakale limakhala likunena za nyumba ina ngakhale makoma ndi omwewo. Chachiwiri, inalembetsedwa ngati malo othandiza anthu kusamba, kuvala, kudya ndi kumwa mankhwala, osati malo okhala ndi nesi usana ndi usiku. Mabanja ambiri sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Kwa mayi wobayidwa insulini kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa zikutanthauza kuti obaya ndi ife manesi oyendayenda, kapena wosamalira amene nesi wamuphunzitsa n'kumuvomereza polemba. Giredi ya ukhondo wa kukhitchini, ija imayambira 0 kufika 5, inali 5.

Ulendo woyamba: masana, atatiyembekezera

Manijala watsopanoyo anatilandira yekha ndipo sanabise kanthu pa zimene ndinafunsa. Ankadziwa dzina la munthu aliyense ndi mmene amakondera tiyi wake. Ndinaona wosamalira akugogoda asanalowe m'chipinda, ndinaona nkhalamba ina ikukana kudya ndipo sanaikakamize, anangobwerera patapita kanthawi ndi mbale ina. Zikhadabo za anthu zinali zowenga, magalasi a maso ali oyera. Tinthu timeneti ndimatikhulupirira kuposa makatani, chifukwa sitingakonzedwe m'mawa umodzi pofuna kusangalatsa mlendo. Mazenera am'mwamba anali ndi zotsekereza kuti asatseguke kupyola masentimita 10, ndipo buku lolembamo kutentha kwa madzi osamba linali lodzazidwa bwino.

Vuto linali chipinda. Chimene chinali chopanda munthu chinali pansanjika yapamwamba. Nyumbayi ilibe lifiti, ili ndi kampando koyenda m'mbali mwa masitepe. Kampando kotero n'kabwino kwa munthu wa miyendo yofooka koma mutu uli bwino. Munthu amene amadzuka usiku kukasaka minibasi sakumbukira kukhala pakampando n'kumanga lamba. Amatsika wapansi, chogwirira chili m'manja.

Ulendo wachiwiri: madzulo, osanena

Ndinabwereranso Lamlungu cha m'ma 6:30 madzulo. Nthawi imeneyi ndi imene anthu oiwala amavutika kwambiri, komanso ogwira ntchito masana amakhala atatopa. Anandilola kulowa mosavuta, ndipo chimenecho ndinachilemba kumbali ya zabwino. Panali osamalira awiri okha. Mmodzi anali m'chipinda kuthandiza munthu kuchimbudzi, wina akugawa mankhwala, ndipo pabalaza panali anthu asanu ndi awiri opanda wowayang'anira kwa mphindi pafupifupi 20. Palibe choipa chinachitika. Belu lina linalira mphindi zisanu ndi imodzi lisanayankhidwe, ndinkayang'ana wotchi.

Ndinapempha kuona ndandanda ya mashifiti ya masabata anayi apitawo, osati ya sabata ikubwerayo, chifukwa yam'tsogolo imasonyeza zofuna pamene yam'mbuyo imasonyeza zimene zinachitika. Usiku pamakhala anthu awiri, koma mmodzi yekha ndi amene amakhala maso. Winayo amagona m'kachipinda ndipo amadzutsidwa pakagwa vuto. Mwa anthu 13 amene ankakhalamo, anayi ankafunika osamalira awiri powanyamula ndi makina. Masamu ake ndi osavuta: pamene awiriwo akutembenuza munthu pansi, nsanjika ziwiri zam'mwamba zilibe aliyense. Ku England lamulo silinaike nambala yakuti wosamalira mmodzi asunge anthu angati, limangoti akhale okwanira ndi odziwa ntchito. Choncho nyumbayi sinkaphwanya lamulo. Kungoti kwa mayi athuwa, pansanjika yapamwamba, sikunali kokwanira.

Pa masabata anayiwo, mausiku asanu anagwiridwa ndi anthu a ejensi, osamalira aganyu otumizidwa ndi kampani ina. Si zachilendo, ndipo ambiri a ife tinayambira komweko. Koma munthu wa ejensi sadziwa kuti mayi uyu akayamba kupinda ndi kupindula chitenje ndiye kuti akufuna kuchimbudzi.

Shuga

Apa ndipo ndinathera nthawi yambiri. Ndinafunsa osamalira awiri funso limodzi, aliyense payekha: mutapeza mayi wa shuga m'bandakucha akutuluka thukuta, akunjenjemera ndipo akulankhula zosamveka, mungatani? Wamkuluyo anayankha mosadodoma kuti angayeze shuga, ndipo akakhala pansi pa 4 angawapatse juwisi kapena mapiritsi a shuga ngati akutha kumeza, n'kuyezanso pakapita mphindi 15, ndipo ngati sakudzuka sangawaike kanthu m'kamwa koma angaimbe 999. Anandionetsa kabokosi kosungiramo zinthu zimenezi, ngakhale juwisi wake anali atapitirira tsiku. Winayo, amene anali ndi miyezi iwiri pantchito, anati angawakhazike mtima pansi n'kuwabwezera pabedi, chifukwa anthu oiwala amatero.

Sindikumuimba mlandu, palibe anamuphunzitsa. Koma ngozi yake ili pamenepo. Shuga akatsika munthu amasokonezeka, ndipo mwa munthu amene aliyense akudziwa kale kuti ndi wosokonezeka, palibe amadabwa. Onjezani kuti mayiwa panthawi imeneyo sanganene m'Chizungu. Anganene kuti "m'maso mwanga mwachita mdima" kapena "ndikumva chizungulire", ndipo womvayo angaganize kuti akuimba nyimbo.

Panalinso nkhani ya nthawi. Insulini imene ankabayidwa imayendera limodzi ndi chakudya cham'mawa ndi chamadzulo. Ife manesi oyendayenda timakhala ndi makomo ambiri, ndipo sindinganame kuti timafika pa mphindi yake tsiku lililonse. Nesi akachedwa chakudya chimazizira, akafulumira munthu amabayidwa asanadye. Ndinalangiza banja kuti lipemphe adokotala ndi nesi wa matenda a shuga aunikenso mankhwalawo asanasamuke. Kwa munthu wokalamba ndi wofooka, kuthamangitsa manambala okongola a shuga n'koopsa kuposa kuwalola akwere pang'ono.

Khungu, chakudya, chinenero

Ndinafunsa mmene amaonera zilonda zobwera chifukwa chokhalitsa kapena kugonera mbali imodzi. Yankho linali limene ndimayembekezera: timayang'ana ngati pafiira. Pakhungu lakuda sipafiira. Pamada kuposa pozungulira, kapena pamaoneka ngati pofiirira mwa mtundu wa biringanya, pamatentha kapena kuzizira mosiyana, pamalimba kapena kufewa. Uyenera kukhudza ndi dzanja ndi kuyatsa nyale yowala, makamaka pazidendene ndi pafupa la kumatako. Anthu onse 13 a m'nyumbamo anali azungu, choncho panalibe chifukwa chakuti akhale atazolowera. Manijala anatenga cholembera n'kulemba, osadzitchinjiriza, ndipo khalidwe limenelo linandikopa kuposa china chilichonse chimene ndinaona. Tinakambirananso za mafuta odzola tsiku ndi tsiku ndi za tsitsi, kuti lisachapidwe ndi kupesedwa ngati lachizungu.

Pa chakudya, nyumba yaing'ono inaonetsa ubwino wake. Wophika ndi mmodzi, ndipo anati akamuonetsa kaphikidwe ka nsima ayesa, ufa poti umapezeka m'mashopu a zakudya za ku Africa m'tauni momwemo. M'nyumba zikuluzikulu zimene chakudya chimabwera chophikaphika kuchokera kwina, pempho lotere limathera m'mafomu. Ndinangochenjeza zinthu ziwiri: mtanda wa nsima uzikhala wofanana tsiku lililonse chifukwa cha shuga, ndipo poti anachitapo sitiroko, akayamba kutsokomola pakudya aitane katswiri woona za kumeza, asangoti n'chimfine.

Za wosamalira wa ku Zimbabwe uja, ndinafunsa masiku ake. Ankagwira masiku atatu pa sabata, masana okha. Chichewa chake chinali cha moni, chakudya ndi nyimbo za kutchalitchi, chokwanira kusangalatsa mtima koma osati kufotokoza ululu. Ndinamuuza mwana wa mayiwa mosapita m'mbali kuti asamange nyumba yonse pa mtengo umodzi, chifukwa pantchito imeneyi anthu amasinthasintha. Tinalemba pepala la mawu 30 oti likhomedwe m'chipinda, monga ludzu, njala, kuwawa, chimbudzi, kuzizira, chizungulire, ndi katchulidwe kake. Pamwamba tinalemba kuti asamaitanidwe ndi dzina lawo loyamba. Kuno amati kutchula dzina ndi chikondi, koma mphunzitsi wa ku Ntcheu wa zaka 79 akaitanidwa choncho ndi mtsikana wa zaka 22 amangotembenukira kukhoma. Tinagwirizana kuti aziti Agogo.

Ndalama ndi malamulo

Banja linali lisanapemphe khonsolo kuti idzaunike zosowa za mayiwa, zomwe pansi pa lamulo la Care Act 2014 ndi zaulere kwa aliyense. Pambuyo pake pamabwera kuunika chuma. Ku England munthu amene ali ndi chuma choposa £23,250 amadzilipirira yekha. Pansi pa £14,250 chumacho sichiwerengedwa, koma penshoni imapitabe ku malipiro, n'kumusiyira ndalama yopitirira pang'ono £30 pa sabata yogulira tinthu take. Pakati pa manambala awiriwa munthu amalipiranso £1 pa sabata pa £250 iliyonse yopitirira £14,250.

Mayiwa kuno ankachita lendi, choncho banja linkaganiza kuti alibe kanthu. Ndinafunsa za kumudzi. Anali ndi nyumba ku Chilomoni imene muli alendi. Katundu wa kunja kwa dziko amawerengedwa, ndipo ndinawauza kuti aitchule pafomu, apeze wodziwa kuyeza mtengo wake alembe, m'malo moti zidzatulukire pambuyo. Nkhaniyi inadzetsa mkangano wina ndi a ku Lilongwe, umene sindinalowererepo.

Mtengo wa nyumba yosungirayi unali wokwera kuposa umene khonsolo inavomera kulipira, ndipo kusiyanako kunayenera kulipiridwa ndi wachibale. Ndinakumbutsa mwanayo kuti khonsolo iyenera kumuonetsa malo amodzi oyenera amene safuna kuwonjezera, ndipo akasankha kuwonjezera adziwe kuti ndi ngongole ya mwezi ndi mwezi imene imakwera chaka chilichonse. M'kontirakiti tinayang'ana masiku a notisi, zimene sizili m'malipiro monga wometa tsitsi, wosamalira mapazi ndi woperekeza kuchipatala, komanso ndime yonena kuti nyumba ingathe kupempha munthu achoke ngati zosowa zake zakula. Ndime imeneyi m'nyumba zopanda nesi imagwira ntchito ndithu.

Mwamwayi, mayiwa atangochira sitiroko anasainira mwana wawo mphamvu zowaimirira, zonse ziwiri, ya chuma ndi ya umoyo, ndipo zinalembetsedwa ku Office of the Public Guardian, ofesi ya boma yolembetsa mphamvu zotere. Komabe lamulo la Mental Capacity Act 2005 limati munthu aziyesedwa kuti angathe kusankha yekha mpaka zitaoneka kuti sangathe, ndipo athandizidwe m'njira iliyonse yotheka kuti amvetse. Ndinaumirira kuti kuunikako kuchitike m'mawa, m'Chichewa, ndi womasulira amene si wachibale. Kuwafunsa m'Chizungu 4 koloko madzulo kukanangoyesa Chizungu chawo. Zinapezeka kuti sankatha kusunga m'mutu kuopsa kwa kutuluka usiku, koma ananena momveka bwino zinthu ziwiri: safuna kukhala kutali ndi zidzukulu, ndipo safuna kusambitsidwa ndi mwamuna. Zonse zinalowa m'dongosolo la chisamaliro. Poti chitseko chakunja chimakhala chokhoma ndipo sangatuluke okha, nyumbayo inayenera kupempha chilolezo chapadera ku khonsolo, ndipo manijala ankazidziwa.

Chigamulo changa ndi zotsatira

Ndinalangiza kuti nyumbayi ndi yoyenera, koma chipinda chapamwambacho achikane ngakhale atauzidwa kuti pali ena akuchifuna. Ndinati adikire chipinda chapansi, insulini iunikidwe, onse ogwira usiku aphunzitsidwe za kutsika kwa shuga, paikidwe kamphasa kolira munthu akatsika pabedi, ndipo ayambe ndi masabata anayi oyeserera. Mwanayo sanasangalale. Anali atatopa kwambiri, ndipo ine ndinkamuuza kuti apirirebe. Anadikira masabata asanu ndi awiri, khonsolo itaika osamalira obwera kunyumba ndipo amayi a mpingo akusinthana kugona kumeneko Lachisanu ndi Loweruka.

Adokotala anasintha insulini kukhala yobaya kamodzi m'mawa. Chipinda chapansi chitapezeka anasamuka, atatenga mpando wawo, Baibulo lawo ndi buku la nyimbo. Sabata yoyamba ankaima pachitseko madzulo aliwonse ndi chikwama m'manja. Sabata yachitatu, cha m'ma 5 koloko m'mawa, kamphasa kanalira ndipo wosamalira uja amene poyamba anati angawabwezere pabedi anawayeza n'kupeza 3.4. Anawapatsa juwisi, anayezanso, analemba, ndipo mlingo wa insulini unachepetsedwa tsiku lomwelo. Madzulo a dzulo lake anali atakana chakudya ndipo palibe anauza a usiku; kuyambira pamenepo zimenezi zimanenedwa posinthana shifiti.

Pa kuunika kwa masabata asanu ndi limodzi, sikelo inasonyeza kuti atsika ndi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo anabwezeretsa nsima itayamba kuphikidwa katatu pa sabata. Khungu linali bwino. Zitenje ziwiri zinasowa kochapa. Anagwa kamodzi m'chipinda osavulala. Wosamalira wa ku Zimbabwe anachoka pa mwezi wachinayi atapeza ntchito kuchipatala, ndipo pepala la mawu 30 lija tsopano lili ndi mawu 41, owonjezerawo analemba ndi osamalira eni ake atafunsa zidzukulu.

Chimene sichinasinthe ndi usiku: wogalamuka akadali mmodzi. Ndinalembera banja zizindikiro zitatu zoti zikaoneka tikhalenso pansi n'kuganiza za nyumba yokhala ndi nesi: akayamba kufuna anthu awiri powaimiritsa, akayamba kutsamwa pakudya, kapena shuga akatsikanso kawiri m'mwezi umodzi. Mchimwene wa ku Lilongwe amaimba pavidiyo Lamlungu lililonse 2 koloko masana, nthawi imene mayi ake amakhala asanatope, ndipo wosamalira ndi amene amagwira foni. Kuunika kotsatira kuli pakutha pa miyezi itatu.